Mbiri ya Nikola Tesla, Mwini Ngalawa Yomvera

Ife amene tiphunzira za maginito m'kalasi ya Physics tidziwa kuti mphamvu ya maginito iyesedwa ndi muyeso wochedwa tesla, ndipo pa mayeso tilemba cilembo T pambuyo pa nambala, kuopa kuti aphunzitsi angatidule malikisi. Koma ndi owerengeka amene afunsa kumene dzinali linacokera. Ena ayesa kuti ndi dzina la galimoto zija zoyendera magetsi za ku America. Iai, anzanga, galimotozo ndi muyesowo zonse zinabwereka dzina kwa munthu mmodzi wamtali, woonda, amene anafa ali yekha m'cipinda ca hotela ku New York m'caka ca 1943. Ndifuna kusimba mbiri yace, makamaka za kangalawa kena kamene anapanga, pakuti kangalawako kali ngati kholo la zinthu zambiri zimene masiku ano zimva ndi kuyankha pa intaneti.

Nikola Tesla anabadwa pa 10 July 1856 m'mudzi wa Smiljan, m'dziko limene lero lichedwa Croatia, koma masiku amenewo linali pansi pa mfumu yaikuru ya Austria. Makolo ace anali a mtundu wa Aserbia. Atate ace, a Milutin, anali wansembe wa mpingo wa Orthodox, ndipo anafunitsitsa kuti mwana wao adzatsate mapazi ao pa nchito ya chalichi. Amace, a Đuka, sanapite ku sukulu konse, koma anali ndi manja aluso: analikupanga okha zipangizo za m'nyumba, nasunga m'mutu ndakatulo zazitali za mtundu wao. Tesla atakula analikunena kuti nzeru za kupanga zinthu anaziyamwa kwa amace. Anali ndi mkuru wace, dzina lace Dane, amene anafa pa ngozi ya kavalo Nikola akali wamng'ono, ndipo kuyambira pomwepo maso a makolo anali pa iye, pakuti ndiye anatsala mwana wamwamuna yekha pakati pa alongo atatu.

Atatsiriza sukulu ya sekondale ku Karlovac m'caka ca 1873 anabwerera kwao, nagwidwa ndi nthenda ya kolera, nakhala cigonere miyezi 9, kufikira abale anataya mtima. Pamenepo atate ace analonjeza kuti akacira adzamtumiza ku sukulu ya zomangamanga ndi makina, naleka kumkakamiza za unsembe. Anacira, ndipo m'caka ca 1875 analowa sukulu yaikuru ya ku Graz. Caka coyamba anaphunzira usiku ndi usana napambana koposa anzace. Tsiku lina mphunzitsi wina, dzina lace Pöschl, anaonetsa kalasi makina a magetsi ochedwa Gramme, amene analikuthetheka moto pamene zitsulo zace zikhudzana. Tesla anati makinawo akhoza kupangidwa mwa njira yina yopanda kukhudzana kumeneko, ndipo mphunzitsiyo anamtsutsa pamaso pa anzace onse, nati nzosatheka. Koma pano ndiyenera kunena zoona, ngakhale ziri zamanyazi: m'zaka zotsatira Tesla analowerera m'kuchova juga, nataya ndalama za sukulu, nacoka ku Graz m'caka ca 1878 wopanda setifiketi. Mbiri za anthu ochuka zimakonda kubisa zotere, koma ine ndiyesa kuti nkwabwino tizidziwe.

Anapeza nchito ku Budapest m'caka ca 1881, m'nyumba yolumikiza matelefoni. Iye mwini anasimba kuti tsiku lina m'caka ca 1882, alikuyenda ndi mnzace m'munda wa maluwa wa mzindawo dzuwa liri kulowa, yankho la bvuto lija la ku Graz linamfikira mwadzidzidzi, natola kamtengo nayamba kujambula pa mcenga. Cimene anaona ndi ici: magetsi obwererabwerera, amene tiachula AC, akalowa m'mawaya angapo mosinthana nthawi, apanga mphamvu ya maginito yozungulira, ndipo mphamvuyo ikoka citsulo ca pakati kuti cizungulire naco popanda kukhudzana. Mota ya mtundu umenewu ndiyo izunguza zigayo ndi mipope ya madzi yambiri kufikira lero lino.

Kucokera ku Budapest anapita ku Paris kukagwira nchito m'kampani ya Edison, ndipo mu June 1884 anafika ku New York. Kwa Edison anakhala miyezi 6 yokha, nacoka atasemphana mau ndi akuru a nchito pa za malipiro. Anthu ena amene anagwirizana nao pambuyo pace anamtaya, kotero kuti munthu wophunzira uja anafikira kukumba ngalande pa malipiro a madola 2 pa tsiku. Mwai unadza m'caka ca 1888, pamene George Westinghouse anagula cilolezo ca kupanga mota yace. Ubwino wa AC ndi wakuti mphamvu yace ikhoza kukwezedwa ndi thiransifoma ndi kutumizidwa kutali pa waya wosanenepa, pamene magetsi a Edison oyenda njira imodzi sanali kufika patali. Kampani ya Westinghouse inaunikira cionetsero cacikuru ca ku Chicago m'caka ca 1893, ndipo mu November 1896 magetsi ocokera ku mathithi a Niagara anafika mu mzinda wa Buffalo, mtunda woposa mamailosi 20. Magetsi amene acokera ku Nkula pa mtsinje wa Shire kuyambira 1966 ndi a mtundu womwewo. Za ndalama Tesla analibe nazo nzeru. M'caka ca 1891, kampani ya Westinghouse itagwa m'mabvuto, anabvomera kuleka gawo limene analikulandira pa mota iri yonse yogulitsidwa.

Munthu wina akadakhazikika pamenepo nadya za thukuta lace. Koma mtima wa Tesla unali utacoka kale pa waya. Analikufunsa kuti, ngati mphamvu ikhoza kuzunguza citsulo cosakhudzidwa, nanga singathe kodi kudumpha mtunda wautali popanda nthambo iri yonse? Nyumba yace yoyeseramo zinthu inapsa mu March 1895, zipangizo ndi mapepala a zaka zambiri zinasanduka phulusa, koma anayambanso.

Tsono tifike pa kangalawa. M'caka ca 1898, pa cionetsero ca za magetsi ku Madison Square Garden mu New York, Tesla anaika m'thanki ya madzi kangalawa kacitsulo, kutalika kwace ngati mapazi 4, kokhala ndi timitengo tacitsulo pamwamba ndi tinyali tating'ono. Iye anaima pambali ndi bokosi lokhala ndi cogwirira. Akasuntha cogwiriraco, kangalawa kanayamba kuyenda. Akasunthanso, kanakhota kulamanja kapena kulamanzere, kanaima, kanayatsa tinyali tace. Pakati pa bokosi ndi kangalawa panalibe cingwe kapena waya. Kumbukirani kuti masiku amenewo panalibe wailesi m'nyumba ya munthu ali yense, ndipo ambiri anali asanamvepo za mafunde osaoneka oyenda m'mlengalenga. Akuti ena mwa oonerera anayesa kuti ndi matsenga, ena anati alikuongolera ndi maganizo ace, enanso anati wabisamo pusi wophunzitsidwa.

Munalibe pusi m'katimo. Munali mabatire, mota imodzi yozunguza copalasira madzi, yina yotembenuza tsigiro, ndi kabotolo kakang'ono ka tizidutswa tacitsulo, kochedwa coherer. Tizidutswato tikakhala cabe sitilola magetsi kudutsa. Koma bokosi lija likatumiza mafunde, timitengo ta pamwamba tiagwira, tizidutswato timamatirana, magetsi a batire nadutsa, nasuntha makina ofunikawo. Kenaka kabotoloko kagwedezeka kuti tizidutswa timwazikenso, kuyembekeza lamulo lina. Motero kangalawako kanali ndi khutu la kumva ndi dzanja la kucita, ndipo mwini wace anali patali. Boma la America linampatsa patenti, ndiyo kalata yotsimikiza kuti luso ndi lace, pa 8 November 1898, nambala yace 613,809. Sanali yekha amene analikuganiza zotere. Anthu ena ku Ulaya analikuyesa zofanana m'zaka zomwezo. Koma iye anaona patali koposa, pakuti analikunena kuti kangalawako ndi koyamba ka mtundu watsopano wa makina, amene adzagwira nchito za anthu momvera lamulo locokera kutali. Caka cimeneco America inali pa nkhondo ndi Spain, ndipo Tesla anayesa kukopa akuru a nkhondo ya pamadzi kuti agule luso lace, koma iwo sanasamale.

Pali bvuto limodzi limene iye analiona msanga, ndipo ndikupemphani mulisunge m'mutu, pakuti tidzakomana nalonso. Mafunde a m'mlengalenga alibe mwini. Ngati kangalawa kamvera mafunde, kadzadziwa bwanji kuti lamulo lacokera kwa mbuye wace, osati kwa mdani amene ali nalo bokosi lofanana? Tesla anapanga njira yakuti colandiraco cisamvere pokhapokha mafunde a mitundu iwiri kapena yoposa afike pamodzi, monga citseko cimene citseguka ndi makiyi awiri. Patenti za njirayi anazilandira m'caka ca 1903.

M'caka ca 1899 anapita ku Colorado Springs, kumapiri, namanga makina oturutsa mphezi zopangidwa ndi munthu, zimene bingu lace linamveka kutali. Kumeneko anatsimikiza mumtima kuti dziko lapansi lenilenilo likhoza kunyamula magetsi monga waya. Atabwerera anakopa munthu wolemera kwambiri, J. P. Morgan, amene anapereka madola 150,000, ndipo m'caka ca 1901 anayamba kumanga nsanja ya mapazi 187 pa malo ochedwa Wardenclyffe, pa cisumbu ca Long Island. Colinga cinali kutumiza mau, nkhani, nyimbo, zithunzi ndi nthawi ya wochi kutsidya la nyanja, kuti munthu ali yense wokhala ndi kacipangizo kochipa azilandire kuli konse. Koma mumtima mwace munali cikhumbo cina coposa, ca kutumiza mphamvu ya magetsi yeniyeni popanda waya, yoyatsa nyali ndi kuyendetsa makina. Pa 12 December 1901 Guglielmo Marconi, ndi zipangizo zochipa, anatumiza cilembo S kucokera ku Poldhu m'dziko la England kufika ku St John's ku Newfoundland. Morgan anakana kuonjezera ndalama, ngakhale Tesla anamlembera makalata ambiri odandaula. Nchito inaima ca m'ma 1905, malowo analandidwa cifukwa ca ngongole ya ku hotela, ndipo nsanjayo inagwetsedwa m'caka ca 1917. Tisamnamizire Morgan yekha. Pa za kutumiza mphamvu kupyola m'nthaka Tesla analakwa. Lero foni ikhoza kudzazidwa moto popanda waya itagona pa kambale kace, koma mudzi suyatsidwa motero. Pa za mauthenga ndipo analondola.

M'caka ca 1926, ali ndi zaka pafupifupi 70, anaceza ndi mtolankhani wa magazini ya Collier's. Anamuuza kuti wailesi ikadzakhwima dziko lonse lidzakhala ngati ubongo umodzi waukuru, ndi kuti anthu otalikirana mamailosi zikwi adzaonana ndi kumvana ngati ali pamodzi, ndi kacipangizo kokwana m'thumba la malaya. Owerenga ambiri ayenera kuti anangoti mkuruyu wakalamba.

Tsono tione zimene zinadza iye atapita. Makompyuta atayamba kulumikizana, poyamba anali anthu okha amene analikutumizirana mau. M'caka ca 1982 ophunzira a pa Carnegie Mellon University ku Pittsburgh anatopa ndi kuyenda mtunda kupita ku makina ogulitsa Coca-Cola ndi kupeza kuti mabotolo atha kapena ngofunda. Analumikiza makinawo ku kompyuta, kuti munthu afunse ali pa mpando wace ngati muli mabotolo ndi ngati azizira. Ulesi nthawi zina ubala nzeru, ngakhale sindinena izi kuti a Fomu 1 azitsanzire. M'caka ca 1990 John Romkey anaonetsa coochera buledi coyatsidwa ndi kuzimitsidwa pa intaneti. Ndipo m'caka ca 1999 Kevin Ashton, wa ku England, amene analikugwira nchito m'kampani ya Procter & Gamble, anafuna kuti katundu wa m'sitoro azidziwitsa yekha kumene ali, mwa tizikwangwani ta wailesi tomatidwa pa katunduyo; ndiye anachukitsa dzina lakuti Internet of Things, kunena kuti intaneti ya zinthu.

Kusiyana kwa zinthu zimenezi ndi kangalawa ka Tesla ndi uku: kangalawa kanali kumva cabe, koma izi zimayankhanso. M'kati mwa ciri conse muli kacipangizo komva kutentha, cinyezi, kugwedezeka kapena malo; muli kakompyuta kocepa ngati cikhadabo; ndipo muli kawailesi kotumiza zimene kamva, pa Wi-Fi, pa Bluetooth kapena pa mafunde a foni zam'manja. Uthengawo ufika ku kompyuta yaikuru ya kutali, imene iusanthula ndi kubweza lamulo kapena kucenjeza munthu pa foni yace. Motero mita ya magetsi kapena ya madzi itumiza yokha ciwerengero cace, osadikira munthu wa cikwama kugogoda pakhomo. Mwini lole adziwa pamene lole yace yaima usiku. Furiji yosungira katemera ku cipatala itumiza uthenga ikayamba kufunda, mankhwala asanaonongeke. Mlimi adziwa kuti nthaka yauma, mpope nutseguka wokha. Wochi ya pamkono iwerenga kugunda kwa mtima. Owerengera akuti zinthu zolumikizidwa motere zacuruka tsopano kuposa anthu onse a pa dziko lapansi.

Koma funso lija la kangalawa silinathe: kodi cinthuco cimvera yani? Ku Kenya, kuyambira 2012, kampani ya M-KOPA inayamba kugulitsa nyali za dzuwa pa ngongole, zokhala ndi kadi ya foni m'kati. Munthu alipira pang'onopang'ono pa foni yace, nyali niyaka. Akaleka kulipira, kampani iizimitsa iri kutali. Njirayi inathandiza mabanja ambiri osauka kutaya koloboyi, pakuti wogulitsa sanaopenso kukongoza. Komabe nyali iri pa khoma lako, pamene swichi yace yeniyeni iri m'manja mwa wina kufikira utatsiriza ngongole. Coopsa coposa cinaoneka m'caka ca 2016. Makamera ambiri olondera nyumba ndi timabokosi togawa intaneti tinagulitsidwa ndi mau acinsinsi a ku fakitale, ofanana m'zipangizo zonse, ndipo eni ace sanawasinthe. Anyamata atatu a ku America analemba pulogalamu yochedwa Mirai, imene inalikuyendayenda pa intaneti kuyesa mau acinsinsi pafupifupi 60 pa khomo liri lonse, ndipo zipangizo zikwizikwi zinatseguka ndi kuyamba kumvera mlendo, eni ace osadziwa kanthu. Pulogalamuyo itafalitsidwa, pa 21 October 2016 anthu ena anatuma khamu la zipangizozo kuti zipanikize kampani ya Dyn, imene inali ngati mlozanjira wa pa intaneti, ndipo kwa maora angapo anthu ambiri ku America ndi ku Ulaya analephera kufika pa Twitter, Netflix ndi malo ena. Anyamata atatu aja anabvomera mlandu m'caka ca 2017. Makiyi awiri amene Tesla anaganizira kangalawa kace, opanga makamerawo sanasamale kuikapo ngakhale imodzi yolimba. Cifukwa cace amene kwao kuli cipangizo cotere acite bwino kufunsa pa chuthi ngati mau acinsinsi anasinthidwa.

Tibwerere kwa mwini nkhani, amene tinamsiya ali wokalamba. Tesla sanakwatire. Analikukhala m'mahotela a ku New York, nacoka m'imodzi kunka m'inzace ngongole zikakula. Analandira mendulo ya ulemu yochedwa ndi dzina la Edison m'caka ca 1917, caka comweco cimene nsanja yace inagwa. Masiku ace otsiriza anakonda nkhunda. Analikuzidyetsa m'mabwalo a mzinda, natengera zodwala ndi zothyoka mapiko ku cipinda cace kukazisamala. Caka ndi caka pa tsiku la kubadwa kwace anaitana atolankhani nawauza za zodabwitsa zimene anati wapanga, monga cida coturutsa mphamvu yogwetsa ndege kutali, koma panalibe amene anaziona. Kuyambira 1934 kampani ya Westinghouse inayamba kumpatsa madola 125 pa mwezi ndi kumlipirira cipinda ku Hotel New Yorker. M'caka ca 1937 galimoto ya hayala inamgunda alikuoloka mseu usiku kunka kukadyetsa nkhunda. Anathyoka nthiti, nakana kuonana ndi dokotala, ndipo sanapezenso bwino kwenikweni.

Anamwalira pa 7 January 1943 m'cipinda nambala 3327, ali ndi zaka 86, ndipo amene anampeza anali mai wosesa m'hotelamo. Popeza inali nthawi ya nkhondo, boma linatenga mapepala ace kuti lione ngati muli cida coopsa, koma katswiri amene anawasanthula sanapezemo cotere. Mu June caka comweco bwalo lalikuru la milandu la America linagamula kuti mbali zina za patenti ya wailesi ya Marconi zinali zitapezedwa kale ndi anthu ena, ndiwo Oliver Lodge, John Stone Stone ndi Tesla. M'caka ca 1952 mphwace, Sava Kosanović, anatumiza katundu wace ku Belgrade, kumene anatsegula nyumba yosungiramo zinthu zace. Phulusa la mtembo wace linafikako m'caka ca 1957, ndipo lisungidwa mu mpira wacitsulo wokutidwa ndi golidi. Muyeso uja wa cilembo T unabvomerezedwa ndi maiko m'caka ca 1960. M'nyumba ya ku Belgrade muli cifanizo ca kangalawa kaja, copangidwa potsata zojambula za m'patenti yace ya 1898.